Gombe la Omaha Lomangidwa ndi Manja

Filimu ya nkhondo imazengedwa m'mabwalo awiri. M'bwalo loyamba muli woonera wamba, amene amangofunsa ngati mtima unagunda ndi mantha. M'bwalo lachiwiri muli katswiri wa mbiri ya nkhondo. Iyeyu amaimitsa chithunzi, n'kuyamba kuwerenga magudumu a kasinja, kuyang'ana mtundu wa boti, ndi kufufuza ngati gulu la asilikali lotchulidwalo linalidi pamalopo tsiku limenelo. Mafilimu ambiri amapambana m'bwalo limodzi n'kugwa m'bwalo linalo. Saving Private Ryan, imene Steven Spielberg anatulutsa mu 1998, ndi imodzi mwa ochepa amene akatswiri amabwererako kawirikawiri, makamaka mphindi pafupifupi 24 za kumayambiriro kwake, pamene asilikali a America akutsika m'maboti pa gombe la Omaha. Mphindi zimenezi sizinangochitika zokha. Zinasokedwa, kupalidwa, kukwiriridwa mumchenga ndi kudulidwa ndi manja a anthu, ndipo ntchito ya dzanja lililonse ingathe kuonedwa payokha.

Poyamba tione chimene omangawo ankayesa kubwereza. Pa 6 June 1944, asilikali a America, Britain ndi Canada anawoloka nyanja kuchokera ku England n'kukatsika pa magombe asanu a ku Normandy, m'dziko la France: Utah, Omaha, Gold, Juno ndi Sword. Pa Omaha maboti oyamba anafika cha m'ma 6:30 m'mawa, nyanja itaphwera. Kutsogolo kwa msilikali aliyense kunali mchenga wapoyera wa mamita pafupifupi 300, kenako mulu wa nsangalabwi, waya waminga, ndi zitunda zotalika mamita 30 kapena kuposa. Pazitundapo panali asilikali a Germany, ambiri a iwo a gulu la 352, atatchera mfuti zachiwaya za MG42, zimene zinkalavula zipolopolo pafupifupi 1,200 pa mphindi imodzi. Pofika madzulo, Aamerika oposa 2,000 anali ataphedwa, kuvulala kapena kusowa pa gombe limodzi limeneli. Tauni yaing'ono ya Bedford, ku Virginia, inataya anyamata 19 a gulu limodzi pa tsiku lomwelo.

Gombe lenilenilo silikanatheka kujambulirapo nkhondo. Ndi malo achikumbutso, pamwamba pake pali manda a asilikali oposa 9,000, ndipo m'mbali mwake munamangidwa nyumba ndi misewu. Tom Sanders, amene anapatsidwa ntchito yokonza malo, anapeza gombe lina ku Curracloe, m'chigawo cha Wexford ku Ireland, lokhala ndi mchenga wautali ndi mtunda kumbuyo kwake. Gulu lake linamanga malinga ooneka ngati a konkire, linakumba ngalande, linayala waya waminga, n'kumwaza pamchenga zotchinga zachitsulo zija zimene aliyense woona filimuyi amazikumbukira: zitsulo zitatu zolumikizidwa mopingasa, zoima ndi miyendo itatu. Ajeremani anaziika kuti madzi akadzaza zibisike, boti likamabwera zikaliboole kumimba. Koma Aamerika anafika madzi ali otsika, zitsulozo zili poyera, ndipo zinasanduka pobisalira pokhapo pa mchenga wonsewo. M'filimuyi asilikali aunjikana kuseri kwa zitsulo zopyapyala zimene sizingabise ngakhale theka la thupi. Munthu amene anamanga zimenezi anamvetsa ntchito yake, komanso mmene zinagwiritsidwira ntchito mosiyana ndi cholinga cha eni ake.

Pomwepo ndi pamene diso la katswiri limapeza cholakwa choyamba. Pakati pa zitsulozo pali mitengo italiitali yoimikidwa mopendekeka, mbali ina ili pansi, ina itatukulidwa pa miyendo iwiri. Ku Normandy mbali yotsika inkaloza kunyanja, kuti boti likwere pamtengowo osadziwa, litembenuzike kapena likagunde bomba lomangidwa kunsonga. M'filimuyi mitengoyo inatembenuzidwa, nsonga yotukuka ndiyo ikuloza kunyanja. Woonera wamba sangazindikire. Amene anayang'anitsitsa zithunzi za mu 1944 amaona nthawi yomweyo, chifukwa amadzifunsa funso limodzi pa chinthu chilichonse: kodi ichi chinapangidwa kuti chichite chiyani?

Zovala zinali m'manja mwa Joanna Johnston. Mayunifomu otsala a nthawi ya nkhondoyo sakanakwanira khamu lonselo, choncho anasoketsa atsopano masauzande, pamodzi ndi nsapato. Koma chovala chatsopano chimanama. Msilikali amene wakhala miyezi akuchita maphunziro ankhondo savala nsalu yonyezimira, n'chifukwa chake chilichonse chinayenera kukalambitsidwa: kuchapidwa, kukhutizidwa m'mawondo ndi m'zigongono, kudetsedwa mpaka chioneke kuti chili ndi mwini wake. Yang'anani kumbuyo kwa zipewa zachitsulo. Pali kachizindikiro kofiirira ka ngodya zinayi kokhala ndi nambala 2, kosonyeza gulu lachiwiri la ma Ranger. Pa zipewa zina pali kamzere koyera: koimirira ndi ka ofisala, kopingasa ndi ka sajeni. Anakaika kumbuyo kuti msilikali wotsatira adziwe woti amutsate, mdani wakutsogolo osaona.

Zina mwa zinthu zimenezi zimapusitsa ngakhale woweruza wophunzira kumene. M'botimo mfuti zakutidwa m'matumba oonekera mkati, ndipo munthu angafulumire kunena kuti pulasitiki wotere kunalibe mu 1944. Kunali ndithu. Matumbawo ankatchedwa Pliofilm, ndipo asilikali anapatsidwa kuti mchenga ndi madzi amchere zisalowe m'mfuti. Lamba wotukusira amene ali m'chiuno mwawo nayenso ndi wa nthawi yomweyo: ankamufinya, mpweya n'kudzaza, kuti munthu ayandame. Akamangidwa m'munsi kwambiri, katundu wa makilogalamu 30 kapena kuposa ali kumsana, lambayo ankatukula chiuno n'kumiza mutu. Ambiri anafa chotero asanaombe ndi chipolopolo chimodzi chomwe. Pamene filimuyi ikutilowetsa pansi pa madzi n'kutionetsa munthu akulimbana ndi zingwe za katundu wake, ikutionetsa imfa imene inachitikadi m'mawa umenewo.

Chovala chikakhala choona, thupi lochivala liyeneranso kukhala loona. Apa panalowa Dale Dye, kaputeni wopuma wa asilikali apamadzi a America, amene anamenya nkhondo ku Vietnam ndipo anasandutsa kulangiza opanga mafilimu kukhala ntchito yake. Anatenga Tom Hanks ndi anzake n'kupita nawo kuthengo ku England kwa pafupifupi sabata. Ankagona pansi mvula ikugwa, kudya chakudya cha m'zitini, kuyenda mitunda atasenza katundu, ndipo ankaitanidwa ndi mayina a m'filimu okha. Cholinga sichinali kuwasandutsa asilikali, pakuti sabata siingathe kutero. Chinali chakuti manja aphunzire. Munthu amene wamasula ndi kumanga mfuti yake kambirimbiri saiyang'ananso akamaika zipolopolo. Amene wasenza thumba tsiku lonse amakhala pansi mwa mtundu wina, amadzuka mwa mtundu wina. Zimenezi wosewera sangazinamizire ndi nkhope. Matt Damon, amene anasewera ngati Ryan, msilikali amene enawo atumidwa kukamupulumutsa, sanapite nawo kuthengoko, ndipo zinachitika dala, kuti kakwiyo ka anzakewo pa iye kakhale kenikeni akadzakumana pamaso pa kamera.

Kujambula kunayamba kumapeto kwa June 1997, ndipo gawo la pagombe lokha linatenga pafupifupi milungu inayi ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 12 miliyoni. Khamu lodzaza mchengawo linali la anthu ochuluka zedi, ambiri a iwo asilikali a ku Ireland a m'gulu loyembekezera kuitanidwa, anthu odziwa kale kumvera lamulo ndi kuyenda m'magulu. Panalinso anthu 20 kapena 30 amene anadulidwa kale mwendo kapena mkono. Iwowa ankavekedwa chiwalo chopanga, chimene chinkathothoka bomba likaphulika, ndipo n'chifukwa chake zimene timaonazo sizioneka ngati zojambula pa kompyuta. Mabomba ankayang'aniridwa ndi Neil Corbould ndi gulu lake. Pa ntchito yotere zophulitsira zimakwiriridwa mumchenga, pamwamba pake n'kuthirapo zinthu zofewa zimene zingauluke popanda kuvulaza munthu, ndipo wosewera aliyense amayeserera njira yake mpaka adziwe poponda ndi posaponda. Timabomba ting'onoting'ono tomatidwa ndi kathumba ka magazi opanga timabisidwa m'kati mwa malaya, wina ali patali ndi batani kudikira sekondi yake. Chipwirikiti chimene timaona pa chithunzi chinayalidwa mwadongosolo losalola kulakwitsa ndi phazi limodzi.

Ntchito yodabwitsa koposa ndi ya Janusz Kamiński, wojambula wobadwira ku Poland, chifukwa luso lake linali kuwononga mwadala zipangizo zabwino. Iye ndi Spielberg anayang'ana mafilimu a nkhani a m'ma 1940 ndi zithunzi za Robert Capa, amene anatsika pa Omaha m'mawa womwewo akujambulira magazini ya Life. Zithunzi zake zochepa zimene zilipo n'zosaoneka bwino, zogwedezeka, zotuwa, koma ndi zimene dziko limadziwira tsikulo. Kamiński anazindikira kuti maso athu anaphunzira kale kukhulupirira chithunzi chotere. Malenzi a makono amapakidwa kamankhwala kopyapyala koletsa kuwala kumwazika m'kati mwa galasi. Iye anapempha kuti kamankhwalako kapalidwe. Kuwala kunayamba kumwazika monga kunkachitira m'malenzi akale: thambo n'kuyera mbee, m'mphepete mwa zinthu n'kufewa, moto n'kutayikira kunja kwa malire ake.

Kenako anakhudza kachitsulo kotchedwa shutter. M'kamera ya filimu mumadutsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo kutsogolo kwake kumazungulira kachitsulo kophwatalala kodulidwa mbali imodzi, kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya kuwala. Mwachizolowezi podulidwapo ndi theka, madigiri 180, ndipo chithunzi chilichonse chimalandira kuwala kwa gawo limodzi mwa magawo 48 a sekondi. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti chinthu chothamanga chipakike pang'ono pa chithunzicho, ndipo kupakika kumeneku ndiko kumachititsa kuyenda kwa m'filimu kuoneka kosalala. Kamiński anachepetsa mpatawo kufika madigiri 90, pena 45. Pa 45, kuwala kumalowa kwa gawo limodzi lokha mwa magawo 192 a sekondi. Palibe chimapeza nthawi yopakika. Bomba likaphulika, kamwala kalikonse, dontho lililonse ndi kachidutswa kalikonse ka mchenga zimaima pazokha mumlengalenga, zakuthwa. Munthu wothamanga amaoneka ngati akudukizadukiza. Woonera sadziwa chimene chasinthidwa, koma thupi lake limamva kuti pano zinthu sizili bwino.

Mitundu nayo inachepetsedwa. Potsuka filimu, siliva amene ali m'kati mwake amachotsedwa kuti mitundu itsale yowala. Akasiyidwamo wina, mitundu imazilala ndipo mdima umada kwambiri. Anatsata njira yotere mpaka mitundu inatsika ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse: nyanja yotuwa, yunifomu yotuwa, nkhope zotuwa, magazi okha ndiwo otsala ndi mphamvu. Kamera inachotsedwa pa miyendo yake n'kuikidwa paphewa. Wojambula amathamanga chowerama, amagwa pansi pamodzi ndi asilikali, amatembenuka mochedwa bomba litaphulika kale. Madzi ndi magazi zikadonthera pagalasi, sizipukutidwa. Spielberg, amene kawirikawiri amajambuliratu papepala chithunzi chilichonse asanayambe, pano sanatero. Anayambira m'boti n'kumakwera mchengawo pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, motsatira mmene nkhaniyo ikuyendera. Kamera sikwera m'mwamba kukationetsa nkhondo yonse pamene ili mkati. Kupatula kanthawi kochepa pamene tikusuzumira kuseri kwa mfuti ya Mjeremani, timadziwa zokhazo zimene munthu wogona pamchenga angadziwe.

Tsekani maso, mudzapeza kuti theka la ntchitoyi lili m'makutu. Gary Rydstrom ndi anzake anafunafuna mfuti zenizeni za nthawi imeneyo n'kuzijambula mawu zikuombedwa ndi zipolopolo zenizeni, chifukwa chipolopolo chopanda mutu chimene amaomba posewera sichilira mofanana. Mfuti iliyonse inapatsidwa liwu lake. MG42 imaomba mofulumira kwambiri moti khutu silitha kulekanitsa kulira kumodzi ndi kunzake. Imamveka ngati munthu akung'amba nsalu yatsopano. Mfuti ya Aamerika ya M1 Garand imalira kamodzikamodzi, ndipo chipolopolo chachisanu ndi chitatu chikatuluka, kachitsulo kogwira zipolopolo kamadumpha n'kulira kuti ngwee. Rydstrom anasamalanso chinthu chimene mafilimu akale ankachiphonya. Chipolopolo cha mfuti yaikulu chimathamanga kuposa mawu, choncho woomberedwa amayamba wamva kuthetheka kwake chikudutsa pafupi ndi khutu, kapena kulira kwa chitsulo chimene chagunda, kulira kwa mfutiyo n'kubwera pambuyo. Pa gombeli timamva nkhondo kuchokera kumbali ya wolandira zipolopolo.

Luso lina ndi lodziwa pochotsa mawu. Kamera ikamira m'madzi, phokoso lonse limazima, ikavuuka limabwerera ndi ukali wake wonse, ndipo kusinthana kumeneku kumachititsa khutu kusazolowera. Bomba litaphulika pafupi ndi Kaputeni Miller, amene akuseweredwa ndi Hanks, dziko limangoti zii, kutsala kamkokomo kakutali. Mu bata limenelo ndi mmene timaona msilikali akufunafuna pansi, n'kutola mkono wake womwe. Kenako kamluzu kamakwera pang'onopang'ono mpaka mawu onse atabwerera. John Williams analemba nyimbo za filimuyi, koma pa nkhondo ya pagombe palibe ndi imodzi yomwe. Nyimbo imauza woonera chimene ayenera kumva mumtima, ndipo imamukumbutsa kuti pali wina amene akumutsogolera. Ataichotsa, woonera anatsala yekha.

Zidutswa zonsezi zinakathera pa tebulo la Michael Kahn. Pa nthawi imene anzake ambiri anali atasamukira pa kompyuta, iye ankadulabe filimu yeniyeni pa makina akale otchedwa Moviola, kuyang'ana pa kagalasi kakang'ono, kudula ndi kumata ndi manja. Ntchito yake inali yovuta pawiri: kusunga chipwirikiti, koma osataya woonera. Mukaonetsetsa, mudzapeza kuti ulendowo uli ndi masitepe omveka. Kuchoka m'boti kufika pa zitsulo. Kuchoka pa zitsulo kufika pa mulu wa kumtunda. Kulumikiza mapaipi odzaza wonga otchedwa Bangalore, kuwakankhira pansi pa waya waminga, kuphulitsa njira. Kumata kagalasi kunsonga ya mpeni wa pamfuti ndi chingamu, kusuzumira pakona popanda kutulutsa mutu. Kukwera, kulowa m'ngalande, kutentha linga. Pa sitepe iliyonse timadziwa chimene anthuwa akufuna ndi chimene chikuwatsekereza.

Tsopano alowe woweruza, pakuti nayenso ali ndi luso lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye amatenga malipoti a magulu ankhondo, zithunzi za tsikulo, mapu ndi maumboni a opulumuka, n'kuziyala pambali pa filimu. Amayamba ndi maboti. M'filimuyi ma Ranger akwera maboti a America a mtundu wa LCVP, oyendetsedwa ndi Aamerika, ndipo ena mwa maboti ojambulidwawo anali enieni a nthawi ya nkhondo. Koma gulu C la ma Ranger, limene nkhaniyi yatsamira, linanyamulidwa ndi maboti a Britain a mtundu wa LCA, oyendetsedwa ndi amalinyero a Royal Navy. Boti ndi loona, koma si la anthu amenewa. Mtsogoleri weniweni wa gululo, Kaputeni Ralph Goranson, anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, pamene Hanks ankakwanitsa zaka 41 pojambula. Sajeni Horvath wa m'filimuyi akuoneka akutapa dothi la France kuika m'kachitini, pambali pa tizitini tina tolembedwa Africa ndi Italy. N'kachithunzi kokoma, koma gulu lachiwiri la ma Ranger linali lisanamenyepo nkhondo kwina kulikonse. Normandy ndiyo inali yoyamba.

Amapitirira. Zipolopolo zimene zikupyoza anthu pansi pa madzi zimamukayikitsa, chifukwa madzi amabweza chipolopolo msangamsanga, ndipo chikayenda mita imodzi kapena mamita awiri mphamvu yake imakhala itatha. Malinga a konkire a m'filimu ndi aakulu ndi oonekera kuposa enieni, amene ambiri anali otsika, obisika, ndipo ankaomba chopingasa motsata gombe. Chachikulu ndi nthawi. Zimene filimu yapanikiza m'mphindi 24 zinatenga maola, ndipo njira zotulukira pa gombelo sizinatseguke mpaka masana ndi madzulo. Koma woweruza wabwino saponya zolakwa zonse m'dengu limodzi. Kufupikitsa nthawi n'kokakamizika, palibe angakhale m'holo tsiku lonse. Kutembenuza mitengo ndi kuphonya chabe. Kuchotsa amalinyero a Britain ndiko kumasintha chimene woonera adzakhulupirire za amene analipo, ndipo cholakwa chotere chimalemera kuposa zinazo.

Ku mapeto a filimu kuli nkhondo ya m'tauni ya Ramelle. Tauni imeneyi kulibe pa mapu a France. Inamangidwa yonse, ndi mtsinje ndi mlatho wake, pa bwalo lakale la ndege ku Hatfield, ku England, kenako n'kugumulidwa mwaluso kuti ioneke yophulitsidwa. Akasinja a Tiger amene akulowamo amamveka kaye kulira kwa zitsulo zawo kutali, nthaka ikunjenjemera, asanaoneke. Amisiri anawapanga pomanga thupi la Tiger pamwamba pa kasinja wa Soviet Union wa T-34, ndipo kuchokera m'chiuno kupita kumwamba ntchitoyo ndi yogometsa. Katswiri amayang'ana pansi. Tiger weniweni ali ndi magudumu olowanalowana, lina kuseri kwa linzake. T-34 ali ndi magudumu akuluakulu asanu mbali iliyonse, oima motalikirana. Kenako amatsegula mabuku ake n'kupeza kuti pa masiku amenewo akasinja a Tiger ku Normandy ankalimbana ndi asilikali a Britain cha ku Caen, osati ndi Aamerika kumadzulo.

Diso lomwelo limapezanso zimene opanga filimu anachita bwino popanda wowakakamiza. Nkhondo ya pagombe ikutha, asilikali awiri ovala yunifomu ya Germany akutuluka manja ali m'mwamba, mmodzi akulankhula mochonderera, ndipo Aamerika awiri akuwaombera n'kuseka. Mawu ake sanamasuliridwe pa chithunzi. Sakulankhula Chijeremani, akulankhula Chitcheki, kunena kuti iye si Mjeremani ndipo sanaphe munthu. Ku Normandy kunalidi amuna ambiri a m'mayiko ogonjetsedwa amene analowetsedwa m'gulu lankhondo la Germany, ndipo kupha ogwidwa kunachitika mbali zonse ziwiri. Owonera ambiri sadzadziwa chimene munthuyo ananena. Wina anakhala pansi n'kusamala kuti chikhale choona ngakhale zili choncho. N'chimodzimodzi ndi ufa woyera wa sulfa umene akuwaza pabala, timachubu ta morphine tobaya pantchafu, ndi anyamata osanza m'boti chifukwa cha mafunde ndi mantha.

Nkhani yaikulu ya filimuyi ndiyo imayandikira mbiri pang'ono chabe. Robert Rodat, amene anailemba, anatsamira pa zimene zinagwera banja la Niland. Robert ndi Preston Niland anaphedwa ku Normandy pa 6 ndi 7 June 1944, ndipo m'bale wawo Edward, amene ndege yake inagwetsedwa ku Burma, ankaganiziridwa kuti wafa. Wotsalayo, Frederick, wa gulu la 101 la asilikali otsika ndi maparachuti, anabwezedwa kwawo. Sipanatumizidwe kagulu kokamusaka kuseri kwa adani. M'busa wa asilikali, Francis Sampson, ndiye anathandiza kuyendetsa nkhaniyo. Edward naye anapezeka wamoyo mu 1945, atakhala mkaidi wa Japan. Ulendo wa anthu asanu ndi atatu kukapulumutsa mmodzi ndi wopeka, monganso mmene akuyendera masana poyera, ataunjikana, akucheza mokweza m'dera la adani, zimene sajeni aliyense akanaziletsa.

Nanga chigamulo n'chotani? Pali mafunso awiri osiyana, ndipo woweruza wosamala sawasakaniza. Loyamba: kodi zinachitika chonchi, kwa anthu awa, pa ola ili? Pamenepa filimuyi ili ndi ngongole zingapo, ndipo tazitchula. Lachiwiri: kodi munthu amene anali pamchengapo anaona, anamva ndi kuopa zotere? Pa funso ili mboni ndi eni ake. Filimuyi itatuluka, ena mwa asilikali akale analephera kuipirira mpaka kumapeto, ndipo unduna woona za asilikali opuma ku America unatsegula nambala ya foni yoti ovutika mtima aziimbapo. Chimene chinawafikitsa pamenepo si chinthu chimodzi chachikulu, koma tinthu tambirimbiri tochitidwa molondola: lenzi yopalidwa, mpata wa madigiri 45, nsapato yokalambitsidwa, chipolopolo chofika mawu ake asanafike.

Inu owerenga, mukadzaonanso filimu ya nkhondo, musathamangire kuitcha yoona chifukwa magazi achuluka, kapena yabodza chifukwa batani la malaya lalakwika. Yang'anani mmene osewera agwirira mfuti, mvetserani ngati zipolopolo zikubwera kwa inu kapena zikungochoka, funsani amene achotsedwa m'nkhaniyo ndi chifukwa chake, kenako mukawerenge zimene zinachitikadi. Poyesedwa chotero, Saving Private Ryan ndi umboni wodalirika wa mmene kutsika pa Omaha kunamvekera m'thupi la msilikali, koma si buku la mbiri ya tsikulo.